Thabwa Lachitatu

Lachisanu m'mawa, ndili pachiwaya kuphika mkate, Zakhya woliza belu anatulukira pakhomo pathu, nsapato ina kuphazi ina kumanja.

"Amake Marta! Abuna ali kuti? Utatu wabedwa!"

"Khalani pansi, akulu inu, mungatifere pakhomo. Wabedwa bwanji?"

"Wapita wonse! Khoma lili mbee! Atate kulibe, Mwana kulibe, ngakhale Nuhra kulibe!"

Anadzigwira pakamwa, koma madzi akatayika saoleka. Mlendo wathu, Abuna Istifan, anali ataima pakhomo la chipinda ndi buku la mapemphero m'manja, ndipo anamva zonse.

"Nuhra ndiye ndani?" anafunsa.

Mkate unapserera ine ndikuuyang'ana.

Ine ndine Hilane, mkazi wa Abuna Shalita, wansembe wa mudzi wa Kafar Lawz kuno kuphiri. Anayamba kukwatira ine, unsembe unabwera pambuyo, ndipo akandiputa ndimawakumbutsa zimenezi. Mlendoyo anali mthenga wa Ambuye Episkopi, mnyamata wa ndevu zosakhwima amene anaphunzira ku Roma zaka zisanu ndi zinayi. Anafika Lachiwiri kudzayendera matchalitchi, ndipo atangoweramira m'kati mwa chathu maso ake anakakamira pa chithunzi cha Utatu Woyera.

Chithunzicho chinajambulidwa zaka makumi awiri zapitazo ndi mmisiri wa ku Halabu amene chipale chofewa chinamutsekera m'mudzi muno dzinja lonse. Nkhope ya Atate ndi ya Mwana anali nazo m'buku lake la zitsanzo. Ya Mzimu Woyera analibe. Sabata ina m'dzinja lomwelo Nuhra, mnyamata amene anali mwana mmodzi yekha wa mayi wamasiye Takla, anagwa padenga la tchalitchi akukoka mwala wotsendera dothi kuti denga lisadonthe, ndipo mwalawo unamutsatira. Mmisiriyo anabwera pamaliro, n'kukhala pangodya ndi khala ndi pepala. Pa Pasaka atavundukula chithunzicho, amayi tonse tinalira mokweza. Kudzanja lamanja kunakhala Nuhra wathu, chipsera cha pansidze chili pomwepo, mkombero wagolide kumutu. Palibe amene ananenapo kanthu kwa episkopi, ndipo tinazolowera.

Lachitatu Abuna Istifan anatiwerengera kalata yochokera ku Roma: Mzimu Woyera asajambulidwe ngati munthu. Chithunzi chathu chinayenera kuwotchedwa Lamulungu ikatha Misa. Tsopano chinali chitasowa.

Kutchalitchi mlendoyo sanakalipe, ngakhale ine ndikanakonda akanakalipa. Anayang'ana khoma loyeralo pakati pa mwaye wa nyale, kenako anatembenukira amuna anga.

"Abuna Shalita, kiyi amasunga ndani?"

"Ine. Amakhala pamsomali kunyumba kwanga."

"Mukumudziwa amene watenga chithunzi?"

Amuna anga anayang'ana pansi ngati mwana wogwidwa ndi mphesa m'thumba. Sanavomere, sanakane.

"Chabwino. Lamulungu dzuwa likafika pamutu, chithunzicho chikhale pano. Chikapanda kupezeka ndidzatseka tchalitchi chino, mkanjo wanu ndidzapita nawo kwa Ambuye Episkopi, ndipo simudzagwiranso chikho."

Mtima wanga unasweka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wosadziwa ngakhale kukama mbuzi, amene wabatiza ndi kuika m'manda mudzi wonse, ukamuvula mkanjo watsala ndi chiyani? Kunyumba ndinawaikira mphodza ndi azitona, iwo osakhudza. Ndipamene ndinaona mpango wawo wolapitsira anthu uli pampando, wonyowa ndi mame.

"Bambo a Marta, tambala woyamba munatuluka. Munati mukukaona mbuzi. Kuyambira liti inu ndi mbuzi mukudziwana?"

"Hilane, ndipatse madzi."

"Munthu anabwera kudzalapa. Mukumudziwa."

"Chimene chalowa m'khutu ili sichitulukira pakamwa apa. Andivule mkanjo, andivule ndi khungu lomwe. Usandifunsenso, mkazi wanga, ndapota nawe."

Anali kulira. Sindinawafunsenso. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine palibe amene anandilumbiritsa kukhala chete. Ndinamanga mpango kumutu n'kutuluka.

* * *

Zakhya ndinamupeza akusesa m'tchalitchi. Belu linamugonthetsa kalekale, motero amayankhula ngati aliyense ali kutsidya kwa chigwa.

"Munatseka nthawi yanji dzulo?"

"Masana! Titatha pemphero! Kiyi ndinakupatsani inu nomwe!"

Zinali zoona. Dzulo lakelo mudzi wonse unali m'minda kuthyola masamba a mabulosi, pakuti inali sabata imene mbozi za silika zimadya mosakhuta. Ine ndekha ndinatsala pakhomo kuphikira mlendo, ndipo kiyi sanachoke pamsomali.

"Wakuba ndikumudziwa ine!" anakuwa Zakhya. "Wamalonda wa nyulu uja wa ku Tarabulusi, kunyanja! Maso ake ngati a mphaka wa kumsika!"

"Munamuona ali kutchalitchi?"

"Ndinaona nyulu!"

"Atanyamula chiyani?"

"Anyezi!"

"Ndiye Utatu anauika m'kati mwa anyezi?"

"Anthu a kunyanja mumawadziwa inu? Akhoza kuba mkaka m'mawere a mbuzi ikuyenda!"

Ndinaona kuti apa ndikutaya nthawi. Potuluka ndinali ndi maganizo ambiri, ndinaiwala kuwerama, ndipo mphumi inagunda mwala wa pamwamba pa khomo mpaka ndinaona nyenyezi. Zaka zoposa makumi anayi ndikulowa pakhomo limenelo, lomwe makolo analimanga lalifupi ndi lopapatiza kuti asilikali asalowetse akavalo m'nyumba ya Mulungu. Ndinakhala pansi, dzanja pachotupa, ndikuyang'ana khomolo. Kenako ndinayang'ana khoma.

Ndinamasula mpango n'kuyamba kuyeza. Malo oyera amene chithunzi chinasiya anali mipango itatu m'lifupi, iwiri ndi theka kupita m'mwamba. Khomo linali mpango umodzi m'lifupi, umodzi ndi theka kutalika. Ngakhale utachipendeketsa bwanji, sichikanatuluka.

"Zakhya! Chithunzichi chinalowa bwanji muno?"

"Sichinalowe! Analowa matabwa atatu, limodzilimodzi! Anawalumikizira muno momwe, mipiringidzo iwiri kumbuyo!"

Ndinagwada n'kufufuza mulu wa zinyalala zimene anasesa. Munali kachikhomo kamtengo, kotalika ngati chala, kosathyoka, kosaphwanyika. Wakuba wothamangira nyulu akanathyola. Uyu anagogoda mofatsa, mbali yake yoyenera, ngati munthu wodziwa kumene chikhomo chilichonse chinalowera.

"Analumikiza ndani?"

"Dumit kalipentala!"

"Nanga loko wamtengo wa pachitsekoyu anasema ndani?"

Zakhya anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Dumit? Amake Marta, mwala wakupwetekani zedi! Dumit ndiye wabweretsa nkhuni zowotchera, mitolo iwiri, ili apo! Mwaiwala kuti Warde mkazi wake anali chibwenzi cha Nuhra? Zaka makumi awiri munthu akuona mkazi wake akugwadira nkhope ya mnzake! Lamulungu adzavina ameneyo!"

Mitolo iwiri inalidi panja. Ndinagwira nkhuni imodzi. Inali yaiwisi, yodulidwa dzulo, yoti ngakhale utaithira mafuta singayake.

* * *

Ndisanapite kwa Dumit ndinadzera kwa a Takla, chifukwa mudzi wonse unali utayamba kale kunong'ona dzina lawo. Anthu nawonso! Mayi wokalamba, wosaona zaka zisanu ndi ziwiri, asenze matabwa atatu a mtengo wolemera? Ndinawapeza atakhala padzuwa akusankha mphodza ndi zala.

"Mayendedwe amenewo ndi a Hilane. Wabwera kudzandisecha?"

"Ndabwera kudzakuonani, Amake Nuhra."

"Bodza silikukhala iwe, mwana wanga, umalinena ngati ukutafuna mwala. Khala apa. Secha ngati ukufuna. Nyumba yonse ndi mphasa, mtsuko ndi ine."

Ndinakhala. Manja awo sanasiye mphodza.

"Ndamva kuti wasowa," anatero. "Sindinatume munthu. Koma ndisakunamize, nditamva ndinathokoza. Ukudziwa, nkhope yake m'mutu mwanga inayamba kufufutika kalekale. Ndikamuganiza amabwera ali khanda, kapena amabwera atatembenuka. Koma ndikafika pathabwa lija n'kuyendetsa zala, ndimapeza pamene mmisiri anakhuthalitsa utoto pachipsera, ndipo amabweranso yense. Mlendo wanuyo akuti si Mulungu. Ndikudziwa kuti si Mulungu. Ndinam'bereka ine."

Ndinangowathandiza kusankha mphodza, misozi ikugwera m'lichero.

"Dzulo kunabwera aliyense kuno?"

"Ndani abwere nthawi ya mbozi? Dumit yekha, dzuwa litapendeka. Akuti adzakonze chitseko. Chitseko changa sichinathyoke. Anachigogodagogoda, kenako anagwira dzanja langa n'kulipsompsona. Chifereni Nuhra munthu ameneyo sanapondepo pano, ngakhale anali anzake a mbale imodzi." Anaima pang'ono, zala zili m'lichero. "Wayamba kupemphera kwambiri masiku ano. Manja ake amanunkhira lubani."

Atatero anatseka pakamwa, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti azindikira chimene andipatsa.

"Hilane," anandiitana ndili pakhomo. "Ukachipeza udzatani?"

Ndinachita ngati sindinamve.

* * *

Kwa Dumit ndinapeza Warde ataima pakhomo la chisakasa cha mbozi, dengu la masamba m'chiuno. Ndi mkazi wa mawu ochepa, ndipo tsikulo anali ochepa kuposa kale.

"Amuna ako alipo?"

"Ali kumunda."

"Dzulo masana anali kuti?"

"Ndi ine. Kuthyola masamba."

"Masana onse?"

"Onse."

"Sanapite kukakonza chitseko cha a Takla?"

"Mwina madzulo. Sindiwerenga mapazi a mwamuna wanga, Mayi."

Ndinapempha madzi kuti ndione m'nyumba. Munalibe pobisa ngakhale mphika: chipinda chimodzi, ana anayi, mphasa zopindidwa. Pamalo osemera a Dumit panali mipini ya makasu ndi kabedi ka mwana kosatha. Ndinabwerera kunyumba manja lende, ndipo ndinapeza amuna anga akupukuta chikho chawo pang'onopang'ono, ngati akutsanzikana nacho.

Loweruka m'mawa ndinatsika kukasupe. Njira imadzera kuseri kwa Dumit, ndipo kumeneko nkhuku zinali kulimbirana china chake pachulu cha zinyalala. Ndinazipirikitsa. Zinali mbozi zakufa, dzanja lodzaza kawiri, zachikasu, zofewa. Mbozi za Warde! Mkazi amene silika wake amalonda amamulimbirana, amene salola ngakhale mwamuna wake kusuta kapena kudya adyo pafupi ndi chisakasa, chifukwa tonse tikudziwa kuti mbozi sizipirira fungo lamphamvu.

Ndinaima pomwepo mtsuko uli m'manja. M'mudzi muno muli malo amodzi okha amene mnansi salowa, mwana salowa, ngakhale wansembe saponda popanda kuitanidwa, kuopa diso loipa: chisakasa cha mbozi za mnzako. Ndinaika mtsuko pansi, ndinadzilemba chizindikiro cha mtanda, ndipo ndinachita chimene mkazi wolongosoka sachita. Ndinakankha chotchinga n'kulowa.

M'katimo munali phokoso lija la mbozi zikudya, longa mvula yowaza. Nsanja zonse zinali za bango, kupatula zitatu za pansi kwenikweni. Zimenezo zinali za matabwa akuda, ndipo pamwamba pake mbozi zinali zitasiya kudya. Lubani wa zaka makumi awiri ananditsamwitsa. Ndinagwada, n'kupendeketsa mutu kuyang'ana kunsi kwa thabwa lachitatu. Nuhra anandiyang'ana, chipsera chili pansidze.

"Musamukhudze, Mayi."

Dumit anali ataima kumbuyo kwanga, nkhwangwa ili m'manja.

* * *

Sindinaope. Ndinam'sambitsapo ali khanda mwana ameneyo.

"Ika pansi chimenecho, Dumit, ungadzitemere phazi."

Anayang'ana nkhwangwayo ngati sakudziwa kuti yafika bwanji m'manja mwake, n'kuiponya panja. Anakhala pansi pakati pa madengu, munthu wamkulu, imvi kumutu.

"Lachinayi m'mawa mlendo wanu anandiitana," anatero. "Akuti, 'Iwe ndiwe kalipentala? Chithunzichi n'chachikulu, uchiwaze ndi nkhwangwa kuti chipse bwino.' Ine! Mwa anthu onse a m'phiri lino, ine ndiwaze nkhope ya Nuhra!"

"Anthu akuti udzavina."

"Anene. Mayi, tsiku lija padenga tinali awiri. Iye kutsogolo, ine kumbuyo nditagwira chingwe cha mwala. Chingwe chinachoka m'manja mwanga. Zala zinali zitauma ndi chisanu, zimenezo n'zoona. Komanso n'zoona kuti Warde ndinkamufuna, ndipo m'mawa womwewo ndinali nditaganiza kuti Nuhra akanapanda kukhalapo... Kaya chinapulumuka, kaya ndinachisiya. Zaka makumi awiri ndikudzifunsa, sindikudziwa. Mmisiri uja akujambula pamaliro, amene anagwirizira mutu wa Nuhra kuti uyang'ane kuwala ndine. Matabwa ndinapala ndine. Lamulungu lililonse amandiyang'ana, ndipo sindinaonepo mkwiyo pankhope imeneyo. Ndicho chokha chimene chandisunga ndi moyo. Ndinamupha kamodzi, Mayi. Kawiri sindingathe."

Akuluakulu amati mlandu suola. Ndinauona tsiku limenelo utakhala pansi pakati pa madengu, ukulira.

Warde anali ataima pakhomo. Kaya anamva kuyambira pati, sindikudziwa. Sanayang'ane mwamuna wake, sanayang'ane ine. Anagwada n'kuyamba kutola mbozi zakufa imodziimodzi.

"Ndinakuuza kuti zifa," anatero motsitsa. "Ndinati zife."

"Dumit," ndinatero, "unakalapa kwa Abuna. Unamanga pakamwa pawo ndi tchimo lako, ndipo mawa akuwavula mkanjo chifukwa cha iwe. Unaganizapo zimenezo?"

"Ndinati mlendo ndi mame, akwiya n'kupita."

"Ameneyu si mame. Ndi mwala."

Anagwira mapazi anga. "Mayi, ndipala thabwa lina, tilikulunge m'nsalu, liwotchedwe limenelo. Adziwa ndani?"

Sindikana, mtima wanga unalumpha. Koma ndinawaona amuna anga ataimirira paguwa, akufunsidwa pamaso pa Mulungu ngati thabwalo ndi lomwelo. Munthu amene walolera kutaya unsembe kuti asaulule chinsinsi, akanalola kuusunga ndi bodza? Ndinachotsa mapazi anga m'manja mwa Dumit n'kutuluka.

* * *

Abuna Istifan ndinamupeza pansi pa mpesa wathu akulemba. Ndinamuikira nkhuyu zouma, n'kukhala osaitanidwa.

"Abuna, chithunzi chikabwera chokha, mufuna dzina la munthu?"

"Ndinatumidwa chithunzi. Mayina ndi a Mulungu ndi amuna anu."

"Ndi matabwa atatu. Onse ndi olakwa?"

"Atate ngati nkhalamba ya imvi, Mpingo umalola, chifukwa mneneri anawaona motero. Mwana anavala thupi, nkhope anali nayo. Awiriwo akhoza kubwerera pakhoma. Koma Mzimu anadzionetsa ngati nkhunda ndi malilime a moto basi. Sitingamupatse nkhope imene iye sanasankhe."

"Ndiye tipale golide wa kumutuyo, thabwalo tiwapatse amake. Likhale chithunzi cha mwana wakufa, osati cha Mulungu."

Ndinamuuza zonse za Nuhra, kupatula za chingwe. Anamvetsera, ndipo sindinganene kuti analibe mtima, chifukwa anasiya kulemba n'kuika cholembera pansi.

"Amayi," anatero, "dzulo woliza belu wanu anati, 'Atate, Mwana ndi Nuhra.' Sanaganize n'komwe. Ana a mudzi uno akamati 'ndi Mzimu Woyera' amaona ndani m'mutu mwawo? Mukaliika m'nyumba ya mayiyo, ndiuzeni zoona, anthu sadzapita kukayatsa nyale?"

Ndinafuna kukana. Koma ine ndemwe, Marta wanga atadwala nthomba, ndinagwada pathabwa limenelo n'kunena kuti, "Nuhra, mwana wa Takla, ndichiritsire mwana." Chimandiwawa mpaka lero kuti mnyamata wa ndevu zosakhwimayo sananame.

"Mayi anga anamwalira ndili ku Roma," anawonjezera, maso ali papepala. "Nkhope yawo ndilibe. Musaganize kuti sindikudziwa chimene ndikupempha."

Chinatsala n'chakuti ndipite ndekha kwa a Takla. Njira imeneyo ndi yaifupi, koma ndinaima katatu.

Sindinafike ngakhale pakati pa nkhani. Anakweza dzanja.

"Awotcha chonse, kapena thabwa lake lokha?"

"Lake lokha, Amake Nuhra."

"Likapanda kuperekedwa, Shalita amuvula mkanjo?"

"Inde. Ndipo tchalitchi achitseka." Ndinagwa pamaondo awo. "Ndikhululukireni. Ndikanatha kusafufuza. Ndasankha mwamuna wanga."

Anandisisita kumutu.

"Ukanasankha ndani? Shalita ndiye anaika mwana wanga m'manda, chipale chikufika m'chiuno, akukumba yekha ndi manja. Ine ndatsala pang'ono. Ndimwalire tchalitchi chili chotseka, andiike mlendo wosadziwa dzina langa? Kamuuze Dumit alibweretse kuno. Masana ano, asabisale."

Analibweretsa pamsana, mudzi wonse ukuona. A Takla anatuma Warde kutenthetsa madzi.

"Tsiku lija ndinakomoka," anatero. "Ndinadzuka atamusambitsa kale anthu ena. Lero ndimusambitsa ndekha."

Anaviika nsalu, n'kuyamba pamphumi, kutsikira pachipsera, m'masaya, pachibwano, akuyimba motsitsa nyimbo yogonekera mwana. Mwaye wa zaka zonsezo unatsika wakuda m'mbale, ndipo nkhopeyo inawala ngati tsiku la Pasaka lija. Tonse tinaiona kupatula iwo.

Dumit anagwada. "Amayi, pali chimene sindinakuuzeni. Padenga paja..."

"Khala chete. Manja ako anatupa ndi chingwe mwezi wathunthu, ndinali ndi maso nthawi imeneyo. Munthu wosiya dala satupa manja. Gwira apa, undithandize kumukulunga."

Kaya manjawo anatupadi, ine sindikumbukira. Sindinawafunse.

* * *

Lamulungu ikatha Misa thabwalo linatuluka pakhomo lalifupi lija litakulungidwa m'nsalu yoyera imene a Takla anasungira maliro awo. Nkhuni za Dumit zinakana kuyaka, ndipo Abuna Istifan anaima pamenepo nkhope itagwa, osadziwa chochita. Ndinapita kunyumba n'kukatenga zanga zouma za pachiwaya. Inde, nkhuni zimene zinawotcha Nuhra zinali zanga. Palibe amene analiwaza. Linapsa lathunthu, ndipo bwalo lonse linanunkhira lubani. Zakhya analiza belu la maliro popanda womutuma, ndipo mlendo sanamuletse.

Phulusa la zinthu zodalitsidwa silitayidwa kudzala, limakwiriridwa m'dothi loyera. Abuna Istifan analiola yekha ndi manja, n'kuliika m'kathumba. A Takla anatambasula dzanja.

"Manda anga nawonso ndi dothi loyera, mwana wanga. Sindichedwa."

Anazengereza pang'ono, kenako anawapatsa.

Sanachedwedi. Anamwalira tikukolola azitona, ndipo amuna anga, atavala mkanjo wawo, anawaika m'manda kathumbako kali pachifuwa. Chaka chotsatira kunabwera mmisiri wina n'kujambula nkhunda pathabwa latsopano limene Dumit anapala. Ndi nkhunda yabwino, sindingainyoze. Ana a masiku ano akamati "ndi Mzimu Woyera" amaona imeneyo.

Amuna anga sanandifunsepo kuti ndinachipeza bwanji, ndipo ine sindinawafunse kuti anamva chiyani m'mame muja. Amagwirabe chikho, ndipo ndikawaona ndimadziwa kuti zitabwereranso ndikhoza kulowanso m'chisakasa chija. Koma dzana, tikuthyola masamba, Warde anandifunsa mosayang'ana kuti, "Mayi, chipsera chija chinali pansidze iti?"

Ndinatsekula pakamwa kuti ndimuyankhe. Ndinakweza chala kumanja, kenako kumanzere. Tinayang'anana akazi awiri akuluakulu pakati pa mabulosi, ndipo m'mudzi monse munalibenso woti tikamufunse.